NyaZgambo, Mkamwana wa a Saulosi

Ndinayendetsa ambulansi ku Mzimba kwa zaka zambiri, pa kachipatala kena kufupi ndi nkhalango ya Luwawa. Lero ndinapuma ntchito, ndili kwathu ku Dowa, koma mukandifunsa kuti mwa anthu onse a kumeneko ndimamusowa ndani, sindichedwa kuyankha. Si adokotala, ngakhale anali munthu wabwino. Si manesi, amene ankangofika n'kuyamba kale kupempha kusamutsidwa chifukwa cha kuzizira. Ndi mayi amene ankakolopa. Dzina lake la ubatizo linali Emmie, koma kumeneko mkazi wapabanja saitanidwa ngati kamwana ka sukulu. Amatchulidwa ndi mfunda wa bambo ake, choncho tonse tinkati NyaZgambo.

Tsiku limene ndinafika kunali chifunga chija cha ku Viphya, choti galimoto umayendetsa ndi pemphero. Ndinalowa m'chipatala ndi nsapato zamatope, n'kuponda pamene iye anali atangokolopa kumene. Sanandikalipire. Anandiika mopu m'manja n'kunena kuti, "Yewo, alendo, mwafika bwino. Yambani ndi apo mwapondapo." Ine ndine munthu wa mtima wapachala, aliyense amadziwa, koma tsiku limenelo ndinakolopa, manesi akuseka pazenera. Chinansi chathu chinayambira pamenepo.

Ntchito yake amati yokolopa, koma limenelo linali dzina chabe. Ankachapa zofunda, kutulutsa ndowa za odwala, kuwiritsa madzi, kugwira mayi wobereka pamapewa nesi ali kumiyendo. Anyamata a kumacheka akabwera chala chikulendewera, ndiye ankawagwira mkono n'kumawaseka kuti, "Mtengo wonse uja munaugwetsa, lero mukuopa kasingano?" Mnyamata poyesa kuyankha, adokotala asoka kale. Manesi akachepa ankakwera kumbuyo kwa ambulansi kuperekeza wodwala ku boma, akuimba sumu za kutchalitchi kwawo ndi mawu okhuthala ngati a mwamuna. Pobwerera ankakhala kutsogolo, ndipo tinkaima m'mbali mwa msewu kugula bowa kwa amayi otuluka m'mapaini. Fungo la utomoni, malole a matabwa atatitimira m'matope, iye akundinena kuti ndimayendetsa ngati ndanyamula mazira a apongozi, zonsezi ndimazikumbuka kuposa zimene ndadya dzulo.

Kwawo kunali ku Engutwini, kumpoto. Anakwatiwa kum'mwera, ku Luwawa, ndi Golden, mnyamata wa pamudzi wina woyandikana ndi chipatala chathu. Golden anapita ku Joni monga amachitira amuna ambiri a ku Mzimba. Poyamba ankatumiza mabulangete ndi mapoto owala, kenako anangosanduka mawu a pafoni. NyaZgambo anatsala ndi ana awiri, Leah ndi Tumbikani, komanso apongozi ake aamuna, a Saulosi, amene akazi awo anali atamwalira kalekale. Mkuluyu anathera unyamata wake kumacheka ku Chikangawa, ndipo utuchi unawasiyira mphumu. Kukazizira, kupuma kwawo unkakumva uli kuseri kwa nyumba.

Ine ndi NyaZgambo tinkakonda kutsutsana za ukwati. Iye ankati, "Inu Achewa mumakwatira ulere, n'kukakhala kwa mkazi ngati mbuzi yobwereka." Ine ndinkati bola ife, mkazi akatopa nawe amakupatsa mphasa yako n'kutsala ndi ana ake. Pamenepo ankaseka, koma osati kwambiri, chifukwa kwawo zili mwina. Ng'ombe zikapita kwa makolo a mkazi, ana ndi a kuchimuna. Mkazi akachotsedwa pamudzi amapita yekha, ana amatsala.

Panalinso mwambo wina umene ndinachedwa kuumvetsa. Mkamwana ndi apongozi ake aamuna sayankhulana maso ndi maso. A Saulosi akafuna madzi osamba ankauza mdzukulu, ndipo mdzukulu akakhala kulibe ankauza galu kapena khoma, NyaZgambo ali pomwepo akumva. Ulemu wonse wa mkamwana unkaonekera m'mbale. Tsiku lililonse ankaphika, n'kukagwada pakhomo pa mkuluyo, n'kuika mbale pansi ndi manja awiri. Ngakhale atachezera kuntchito, mbale ya adada, monga ankawatchulira, sinkaphonya. Ine ndinkati ndi ukapolo. Iye ankati ndikakalamba ndidzalakalaka mkamwana wa ku Mzimba.

Kolona itayamba kumveka pawailesi tinaiseka. Tinkati ndi matenda a anthu okwera ndege, adzafika bwanji kuno kumene ngakhale basi imakana kufika. Kenako mabasi a ku Joni anayamba kutsitsa anthu, ena akutsokomola. Pofika Januwale wa 2021, mvula ili pakati, kuseri kwa chipatala chathu kunali kutaimikidwa tenti, ndipo m'tentimo munali anthu amene dzulo lake tinkapatsana nawo moni pamsika.

Zodzitetezera zinkabwera pang'onopang'ono, ndipo zikafika tinkagawana monga timagawanira nyama paukwati, akuluakulu poyamba. Zovala zoyera zija ndi mamasiki olimba zinkapita kwa adokotala ndi manesi. Panalibe amene anachita zimenezi mwa nkhanza, ndi mmene tinazolowerera basi. Komatu amene ankatulutsa ndowa za m'tenti ndani? Amene ankachapa zofunda zimene munthu watsokomolerapo usana wonse ndani? NyaZgambo anadula pepala lapulasitiki lija amafunditsa fodya, n'kuliboola pakati kuti mutu ulowe. Kumapazi ankavala magambutsi akale a apongozi ake a kunkhalango. Masiki ake ankachapa n'kuyanika pachingwe mpaka anafika poonekera dzuwa. Klorini anamudya manja mpaka khungu linayamba kusenda.

Ine ndinapsa mtima, ndinalowa kwa adokotala ndi mawu amene sindingawabwereze pano. Iwo anatsegula kabati kundionetsa kuti mulibe kanthu, n'kuvula magolovesi awo otsala kuti ndikamupatse. Nditamupatsa anati, "Yewo chomene, a Malizani, koma mkwiyo wanuwo muusunge, tidzawiritsire madzi nkhuni zikatha." Katundu wokwanira anadzabwera ndithu pambuyo pake, ndipo aliyense anavala mpaka ife madalaivala. Kungoti anafika mochedwa.

Masiku amenewo anthu ankatithawa. Kondakitala wa minibasi akakuzindikira kuti ndiwe wa kuchipatala ankati yadzaza, mipando ikuoneka. Amayi a bowa aja akaona ambulansi ankalowa m'mapaini. NyaZgambo zimenezi sankazilabadira. Chimene chinkamusowetsa tulo chinali chifuwa cha a Saulosi. Anali ataona m'tentimo mmene matendawa amachitira ndi munthu wa mphumu, ndipo anaganiza yekha chochita. Anatumiza ana kunyumba ya mlamu wake Scholastica, mlongo wake wa Golden. Iye anatenga mphasa n'kukagona m'chigafa cha fodya kumapeto kwa mudzi. Ndipo anasiya kupereka mbale.

Vuto linali lakuti sakanatha kuwafotokozera apongozi ake yekha. Anatuma Scholastica kuti akawauze zonse, kuti chifuwa chawo n'chofooka, kuti matendawa akawagwira sadzuka. Scholastica anafika pamaso pa bambo ake, mawu n'kumukanika. Kumeneko, monganso kwathu, sungamuuze munthu wamkulu kuti adzafa, kumakhala ngati ukumuitanira imfayo. Ndiye anasankha mawu ofewa. Anati, "Adada, alamu atanganidwa ndi ntchito, ndizikuphikirani ndine." Iye ankayesa kuti wakonza. A Saulosi anamva kuti mkamwana wawo waona ntchito ya boma kukhala yaikulu kuposa iwo.

Mkuluyo anayamba kubweza mbale za Scholastica zosakhudza. Ankadziwotchera yekha chimanga pakhonde kuti mudzi wonse uone. Anthu nawonso pakamwa sipaola, ena anati NyaZgambo wayamba kunyada, ena anati mkazi sagona m'chigafa popanda womuyendera. Nkhani inafika ku Joni. Golden anaimba tili pakhonde pa chipatala, ndipo foni ya NyaZgambo inali ija yofuula, ndinamva zonse. Anati asankhe, asiye ntchito n'kubwerera kukatumikira bambo ake, apo ayi anyamule katundu wake abwerere ku Engutwini. Ana asawakhudze.

Ndinamuuza kuti asiye kaye ntchitoyo, ana ndi ana, chipatala si chake. Anandiyang'ana, maso okha akuoneka pamwamba pa masiki. Anati, "Ndikasiya, ndowa ija atulutse ndani, inu? Komanso ngati matendawa ndawatenga, ndawatenga kale. Ndisiye lero, mawa ndikagwade pakhomo pawo ndi mbale, mbwenu ndapindula chiyani?" Ndinangotukwana Golden mumtima.

Sipanapite nthawi, anayamba kumva kuzizira kwachilendo. Nesi anamutokosa m'mphuno kuti akayeze, ndipo ine ndi amene ndinkapita ndi zokayezazo ku boma. Tsiku lomwelo abale anamuitanitsa kumudzi kuti nkhani ithe. Anandipempha kuti ndimutule popita, ndiimeko pang'ono, mwina mawu a munthu wa kuchipatala angathandize.

Tinapeza a Saulosi atakhala pakhonde atavala jekete, abale ali m'mbali. Kunali kamvula kowaza. Azakhali ake a Golden anali ataphikiratu, ndipo anatuluka ndi mbale yovundikira n'kuiika pakati pa bwalo. Anati, "NyaZgambo, nkhaniyi si yaitali. Tenga mbale iyi ukawapatse adada ako, zonse zithere pomwepa." Kunena zoona anamuchitira chifundo, anamutsegulira khomo lapafupi kwambiri. NyaZgambo anagwada kutali, pafupi ndi khola la ng'ombe, m'matope, ndipo sanasunthe.

Ndinayesa kumuyankhulira. Ndinali ndisanamalize n'komwe moni pamene a Saulosi anafunsa galu wawo kuti, "Kodi Mchewa uyu ndi ndani pamudzi pano?" Pamenepo NyaZgambo anachita chimene sanachitepo chikwatiwire. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana apongozi ake. Popeza anali kutali, masiki ali kukamwa, sakanamveka popanda kukweza mawu, choncho anakweza.

"Adada, ndikuyankhula ndi inu, mundikhululukire. Kumene ndimagwira ntchito anthu akufa, anthu a chifuwa cholimba kuposa chanu. Manja awa ndi amene amachapa zofunda zawo. Ndikakupatsani mbale iyi, mbwenu ndakuphani. Kuli bwino mundichotse muli moyo kusiyana n'kuti ndikhale pano inu muli kumanda."

Amayi anagwira pakamwa. Mkamwana wafuulira apongozi ake pabwalo, n'kuwatchulira manda anthu akumva. A Saulosi anaimirira pang'onopang'ono, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Aliyense anatanthauzira yekha. Madzulo ake Golden anaimba kunena kuti ukwati watha, ndipo achoke akangopeza galimoto.

Galimoto imene anakwera inali yanga. Zotsatira zinabwera zoti ali nawo matendawa, anagona kaye m'tenti imene ankakolopa yekha, ndipo kupuma kutayamba kuvuta adokotala anati apite ku boma kumene kunali mpweya wa m'masilinda. Pomukweza anapezabe mphamvu yondiseka. Anati, "Lero ndine bwana, ndagona kumbuyo. Muyendetse ngati mwanyamula mazira." Panjira sanadandaule za iye mwini. Ankangofunsa nesi ngati kumudzi kuli wina amene wayamba kutsokomola, ana, Scholastica, adada. Nesi anati palibe, ndipo zinali zoona. Anamwalira patapita masiku ochepa. Ndanyamula maliro ambiri pantchito yanga, koma awa anandipweteka ngati a mlongo wanga weniweni, ndipo mpaka lero akundipweteka.

Maliro a kolona analibe nthawi yokambirana. Thupi analikulunga m'pulasitiki, bokosi analikhomerera, ndipo azaumoyo awiri ovala zoyera anakwera galimoto ina kuti anditsate kukaika tsiku lomwelo. Koma palibe amene ankadziwa kuti tikupita kuti. Golden pafoni anati si mkazi wakenso, apite kwawo. Mlongo wake wa malemu, Fanuel, anati ku Engutwini akumba ngati akuchimuna akana, koma mawu ake anali a munthu wosweka. Mkazi wobwezedwa ali m'bokosi ndi manyazi aakulu, ndipo ana akanakula kutali ndi manda a mayi awo, akumva kuti anachotsedwa chifukwa cha mwano. Scholastica ankangolira pafoni, ati adada atuluka m'mamawa osatsanzika. Ndinanyamuka pa boma ndisakudziwa kolowera.

Msewu wa ku boma umakathera pa msewu waukulu. Ukakhota kumanzere ukupita kumpoto, kudutsa Chikangawa, njira ya ku Engutwini. Ukakhota kumanja ukupita ku Luwawa. Ndinayendetsa pang'onopang'ono kuposa masiku onse, ndikuyembekeza kuti foni ilira. Sinalire. Ndinali nditatsimikiza zomvera mwini mkazi, chifukwa dalaivala alibe mawu pa maliro a eni.

Pamphambanopo panaima munthu wokalamba, jekete litanyowa, ndodo m'manja, kansalu katamangidwa kukamwa mokhota. Anali a Saulosi. Anali atapempha malo pa lole ya matabwa n'kutsika pamenepo, podziwa kuti kulikonse kumene tingapite tidutsa pomwepo. Anaimika ambulansi ndi ndodo. Nditatsitsa galasi, kwa nthawi yoyamba anayankhula ndi ine osati ndi galu.

"A dalaivala, mukupita naye kuti mwana wanga?"

Ndinati a Golden alamula kuti apite kwawo.

"Golden ali ku Joni. Kwawo kwa uyu ndi kumene kuli ine." Anapuma kaye, chifuwa chikulira. "Tsiku lija mukuyesa ndinalowa m'nyumba chifukwa chokwiya? Mwamuna salira pamaso pa mkamwana wake. Ndinkati akachira ndidzatuma munthu akamuuze kuti ndamva. Ndinachedwa. Khotani kumanja."

Lamulo silinkalola wachibale kukwera ndi thupi. Ndinatsika, ndinawaveka masiki atsopano a m'katundu uja anabwera mochedwa, n'kuwakweza m'galimoto ya azaumoyo, ndipo tinakhota kumanja. Njira yonse foni yanga inkalira, nambala ya ku Joni, ndipo ndinaisiya ilire.

Kumanda anthu anaima kutali monga analamulira azaumoyo. Panalibe kuona nkhope, panalibe kwaya, panalibe mwambo wautali. Leah ndi Tumbikani anali atagwira chitenje cha Scholastica uku ndi uku. Anyamata okumba atafunsa pokumba, a Saulosi anayenda okha n'kukaloza ndi ndodo pambali pa manda a akazi awo. Abale anayang'anana, chifukwa mudzi wonse unkadziwa kuti malo amenewo mkuluyo anadzisungira yekha. Azakhali aja anayesa kuwakumbutsa, iwo anangobwereza kuloza pomwepo.

Titamaliza, azaumoyo akupopera klorini m'galimoto, ndinaima ndi a Saulosi chapatali n'kuwafunsa kuti nanga iwo adzagona pati. Anayang'ana mulu wa dothi lofiira uja, kenako anayang'ana adzukulu awo.

"Ine sindikufulumira," anatero. "Mwana uyu wandionjezera masiku."